Chibonga ndi Ambulera m'Nkhokwe ya a Ndapeza

Ku Chongoni ukafunsa za malemu a Ndapeza, munthu amayamba waseka kaye, kenako n'kukuuza kuti amayi aja ankalanda alendo katundu. Kulandira mlendo katundu aliyense amadziwa, ndi ulemu. Koma a Ndapeza akakulandira ndodo, nthungo kapena chipewa, ankakaponya m'nkhokwe n'kuchotsa makwerero. Chinthu chakocho unkachiona utadya, utamwa, iwo atatsimikiza kuti wakhutadi.

"Ndangodutsa, mayi," mlendo ankadandaula.

"Kudutsa? Kodi pano ndi pamanda?"

Tsiku lina kunabwera mesenjala wa ku Boma, chisoti chofiira kumutu, kudzagwira amuna oti akanyamule mitolo ya azungu. Amuna onse anali atathawira m'phiri. A Ndapeza anamuchingamira ndi nthungululu, namugwadira, ndipo asanatsegule pakamwa chisoti chinali m'nkhokwe.

"Mayi inu, chisoticho ndi cha Boma!"

"Ndiye Bomalo lidikire, nyemba sizinapse."

Anachoka dzuwa litapendeka, mimba ili ndendende, chipanda cha thobwa m'manja, wopanda mwamuna ndi mmodzi yemwe.

Koma alendo amene anawavuta anali a m'nyumba momwemo. Mwana wawo anapita ku mishoni, nabwerako atabatizidwa, dzina lake Gerevazio, atanyamula ambulera imene wansembe anampatsa. Ankaifunyulula ngakhale mu Juni, kumwamba kuli mbee. Mlongo wawo wa a Ndapeza, a Zilole, ndiwo anali mkulu wa Nyau m'mudzimo. Gerevazio anati atsibweni akewo ndi akunja. A Zilole anati mlongo wawo sanabale mwana wamwamuna. Awiriwo akakumana panjira, wina ankalowa m'tchire.

Zimenezi zinawawawa a Ndapeza mpaka kuwasowetsa tulo, pakuti mbumba yawo inali kung'ambika iwo akuona. Anafulula mowa, naphika thobwa, napha mbuzi, naitana onse awiri. Aliyense anatumiza mawu ofanana: akabwera uyo, ine sindibwera.

"Akunena zimenezo za pakhomo pa yani?" anatero a Ndapeza. "Kawauzeni kuti mnzawoyo abwera. Wamantha ndiye atsale."

Wamantha panalibe. A Zilole anafika ndi anzawo a Nyau, chibonga paphewa. Gerevazio anafika ndi Akhristu anzake akuimba. A Ndapeza anagwada uku, nagwada uko, ndipo chibonga ndi ambulera zinakagona limodzi pachimanga. Mphasa zina zonse anali atabisa, anangoyala imodzi. Madzi osamba m'manja nawo anabwera m'mbale imodzi.

"Amayi, ine sindingasambe pamodzi ndi..."

"Ndi ndani? Mtchule! Amene anakubereka kumsana pothawa nkhondo m'phirimu?"

"Achemwali," anatero a Zilole, "mwanayu anatitukwana."

"Achimwene, ku dambwe mumalamula ndinu. Ku tchalitchi amalamula ndi Abambo ansembe. Pano ndine. Sambani!"

Anasamba. Anadya atafulatirana ngati mkamwini ndi apongozi ake, koma mbuzi ija sanaisiyire galu. Madzulo aliyense analandira katundu wake, kupatula awiriwo.

"Zanu mudzatenga tsiku limene mudzabwere limodzi, njira imodzi," anatero a Ndapeza.

Makani ndi a m'magazi. Zaka zinapita, aliyense akubwera payekha kudzapempha chake, n'kudya, n'kubwerera chimanjamanja. Gerevazio ananyowa dzinja ndi dzinja. Wansembe atatumiza mawu oti ambulera ibwezedwe, a Ndapeza anayankha kuti abwere okha, koma asamale chipewa. Nthawi zina awiriwo ankapezana pamphasa ija mwangozi, n'kukangana za Mulungu ndi mizimu mpaka thobwa kutha. A Ndapeza ankamvetsera ali kuseri kwa nyumba, akumwetulira, pakuti okangana ndiye kuti akulankhulana.

Chaka cha chimfine chachikulu chija, nkhondo ya azungu itangotha, a Ndapeza anagona masiku ochepa n'kutisiya. Pochokera kumanda Gerevazio anangoyenda, maso ali pansi, mtima uli zii. Atafika pakhomo m'pamene anazindikira kuti amene amayenda naye njira yonseyo ndi atsibweni ake.

Anayang'anana. Gerevazio anatenga makwerero, nakwera m'nkhokwe. Pansi pa chimanga anapeza chibonga ndi ambulera zitamangidwa pamodzi ndi luzi, mfundo yake yolimba. Ambulera inali itatsala nthiti zokha, nsalu makoswe anamaliza kalekale.

"Tengani, atsibweni. Tabwera limodzi."

A Zilole anachiyang'ana chibongacho nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Ndikatenga ndiye kuti ndatsanzika," anatero. "Bwezera momwemo, mwana wa mlongo wanga."

Gerevazio anabwezera, ndipo makwerero anachotsa ndi a Zilole.

Masiku ano ukadutsa pakhomopo palibe wokuchingamira. Ndodo yako imakhala m'manja mwako, ulendo wako palibe wousokoneza, ndipo kumene ukupita umafika msanga, uli ndi njala. Koma madzulo ena umapeza amuna awiri pamphasa imodzi pafupi ndi nkhokwe, akukangana za Mulungu ndi mizimu, ndipo palibe amene amafuna kuyamba kunyamuka.