Mabwato a Alamu Anga a Goliati

Sunthirani kuno pamthunzi, lole ya ku Limbe sifika msanga, akuti yatitimira kuseri kwa phiri la Michesi. Ndakumvani mukudandaula kuti woyendetsa wakweza mtengo. Ha! Inu simunamuone munthu wokweza mitengo. Ine ndinamuona, ndinkadya naye mbale imodzi, ndipo anakwatira mlongo wanga Belita.

Ine ndine Eneya, msodzi wa ku Chilwa. Munthu ndikunenayo ndi alamu anga a Goliati Makina. Anabwera kuchokera ku Halale njala ya fote naini itangotha, atavala suti yakuda, nsapato zolira ndi chipewa cholimba chija amavala azungu a boma. Kumeneko ankasesa m'sitolo ya nsalu, koma mukawamva akulongosola munkangoti sitoloyo inkawafunsa nzeru m'mawa uliwonse. Ndalama zonse za thukuta lawo anagulira mabwato atatu osema, ati akhale bwana wobwereketsa. Kusambira sankadziwa, nkhafi anali asanaigwirepo, ndipo matemba ankawazindikira akakhala m'mbale basi.

Padoko pathu panali kale mwini mabwato, Che Sulemani, nkhalamba ya Chisilamu yosapupuluma ngakhale poyetsemula. Kwa iwo zinali zosavuta. Utenge bwato, ukaphe nsomba, pobwera uwapatse dengu laling'ono. Nyanja ikakumana nsomba, iwo ankangoti, "Mulungu sanalembe lero, pita ukagone."

A Goliati ataona zimenezo anapukusa mutu.

"Alamu, anthu inu muli mumdima. Nsomba ndi malipiro? Nsomba ungaike m'thumba la jekete?"

"Nanga tizilipira chiyani?"

"Ndalama, musanakwere! Ndipo tamverani chinsinsi cha ku Halale: chinthu chikatchipa anthu amachinyoza, chikadula amachilimbirana."

Inu, tamverani. Anatenga phula n'kulemba mayina pamabwato ngati mabogi a sitima. Lalikulu analitcha Fesi Kilasi, sheleni yathunthu. Lapakati Sekondi, sikisi, theka la sheleni. Laling'ono lopendekeka Fofo, kalasi ya amphawi, mtengo wake tiki, theka la sikisi. Kenaka anayala mpando pansi pa mtengo, mwendo pamwamba pa unzake, kudikira chikhamu.

Woyamba kufika anali Tobias, msodzi wa mawu ochepa. Analizungulira Fesi Kilasi, kuligogoda, kulinunkhiza.

"Limeneli ndi Fofo uyo zikusiyana pati?"

"Ulemu," anatero a Goliati.

"Matemba amaudziwa ulemuwo?"

"Iwe, funso limenelo ndi la munthu wosayenda."

Tobias ananyamula ukonde wake n'kukakwera la Che Sulemani. Tsiku limenelo asodzi anachita kudikirana pamzere kwa nkhalamba ija, ena mpaka kukwerana atatu bwato limodzi, pamene mabwato a alamu anga anali gone pamatope ngati ng'ona zokhuta. Mukuganiza anatsitsa mtengo? Anakweza! Ati anthu sakubwera chifukwa sheleni ikuoneka yochepa, akukayika kuti mwina bwatolo ndi lobooka.

Mwezi unatha. Okwera Fesi Kilasi anali akakowa okha, ndipo malipiro awo ankasiya oyera pamwamba pa dzina lija.

Apo m'pamene anabwera ndi nzeru yachiwiri.

"Munthu ali ngati mbuzi, alamu. Amathamangira pamene anzake aunjikana. Tipeze anthu oti mawa m'mawa adzalimbirane mabwato anga, onse aone."

Anauza Belita kuti afulule otheka, mowa wathu uja, n'kuitana amuna awiri a m'mudzi, Sitima ndi Lekani, kuti adzachite ngati akukanganirana Fesi Kilasi. Cholakwa chinali chimodzi chokha: anawamwetsa ntchito isanagwiridwe. Akuluakulu anati galu wosaka sum'patsa chiwindi asanalowe m'tchire, ndipo ngati sanatero anayenera kutero.

Anafika padoko akudzandira. Poyamba zinayenda bwino ndithu.

"Bwatoli ndi langa, ndapereka sheleni!" anakuwa Sitima.

"Ine ndipereka ziwiri!" anatero Lekani.

A Goliati anandigunda ndi chigongono, mano onse pamtunda. Koma Sitima anaonjeza mawu omwe sanatumidwe.

"Masheleni awiri uwatenga kuti iwe, munthu woba nandolo m'munda mwa apongozi ako?"

Eee! Nkhafi inalira pamsana. Anagwirana, kugubuduzana m'matope, kudzuka, kugweranso m'bwato. Anthu anathamangira kudzaleretsa akufuula, "Lekani! Lekani!" Tsono Lekani kumva dzina lake likutchulidwa ndi doko lonse anayesa akumuchemerera, ndiye anachita kuwirikiza. Amayi akuti "Lekani, mupha munthu!" iye nkumati, "Ndamupha kale, mayi, musadere nkhawa!" Pomaliza onse awiri anagwera pa Fofo, ndipo Fofo linangoti phwa, kung'ambika kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Chikhamu chinabweradi, pamenepo alamu anga sananame. Anthu anaonerera, anaseka mpaka kugwira nthiti, atatha anakakwera mabwato a Che Sulemani.

Madzulo ake mlongo wanga anawaikira mbale ya kalongonda wopanda kanthu kena.

"Ndiwo zili kuti, mayi?"

"Zili m'nyanja, bambo. Zikudikira sheleni."

"Bizinesi imafuna kupirira."

"Ine ndapirira. Mapira anga apita ku mowa, bwato lapita ku nkhuni. Mudzi uno ndi wa amayi anga, ndipo mtolo umene munabwera nawo ndikuudziwa pamene uli. Mawa ndione nsomba pakhomo pano."

Mkamwini akamva za mtolo, makutu amatseguka. M'mawa mwake analengeza kuti ayamba kulandira nsomba, koma theka la zonse zimene munthu wapha. Theka! Palibe anavomera. Ine ndekha ndinalola, chifukwa Belita anandichonderera, komanso nyumba ikapasuka mlandu wake ukanagwera ine ndemwe monga nkhoswe.

Ndikukankhira Fesi Kilasi m'madzi, ndinangoona munthu akukwera, suti, nsapato, chipewa, zonse.

"Alamu, mukupita kuti?"

"Ndikudziwani asodzi inu. Mumakumana ndi ogula m'mabango, nsomba zonona n'kugulitsa, kwa mwini bwato n'kubweretsa minga. Lero ndikaona ndi maso anga."

"Bwatoli lakhala padzuwa nthawi yaitali. Likufunika limwe madzi kaye, ming'alu itsekeke."

"Fesi Kilasi silimwa madzi. Palasani."

Ndinapalasa. Tinadutsa m'mabango, udzudzu ukuwalandira alendo, mpaka tinatulukira poyera pamene phiri la Mulanje limaoneka ngati lakhala pamadzi. Ndinaponya ukonde, ndipo inu, tsiku limenelo nyanja inali ndi mtima wabwino. Matemba ngati mchenga, milamba yonenepa ngati ntchafu. A Goliati anayamba kugawa pomwepo, iyi yanga, iyi yanu, iyi yanga, iyinso yanga poti yandiyang'ana.

Kenaka anati, "Alamu, nsapato zanga zanyowa."

Ndinayang'ana pansi. Mng'alu unali utatseguka pakati penipeni, madzi akulowa mwaulemu ngati mlendo wodziwa pakhomo.

"Kapani madzi!" ndinakuwa.

"Ndi chiyani? Chikho chili kuti?"

"Munati chikho ndi cha okwera Fofo. Vulani chipewacho!"

Chipewa cha ku Halale chinagwira ntchito yake yoyamba yeniyeni. Koma iwo akataya chipewa chimodzi, nyanja inkabweza ziwiri. Madzi anafika m'akakolo, kenaka m'mawondo, milamba ija n'kuyamba kusambira m'bwato momwemo, yanga ndi yawo kusakanikirana. Alamu anga anayamba kuitana amayi awo, amene anamwalira kalekale ku Mozambiki, kenaka anayamba nyimbo ya kutchalitchi koma mawu ake anawathawa.

Mwamwayi Che Sulemani anatulukira m'mabango ndi bwato lawo, akuchokera koonjola miono. Anaima chapatali pang'ono, n'kuika nkhafi pamiyendo.

"Mwadzuka bwanji, a Makina?"

"Tikumira! Bwerani msanga!"

"Ndikuona. Kunyumba ali bwanji?"

"Ali bwino! Sunthirani kuno!"

"Ndithokoza Mulungu. Tsono bwato langali ndi lokalamba, silinanyamulepo bwana. Sindikudziwa kuti ndingatchule mtengo wanji."

"Tiki!"

Che Sulemani anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo.

"Sikisi! Sheleni!"

Ine ndinati, "Alamu, tamverani, pano pamene tilipa..."

"Khalani chete, Eneya, akuluakulu akukamba bizinesi!"

Munthu ukalamulidwa ndi mwini bwato umamvera.

Madzi atafika m'chiuno, tili chikhalire, ndinaona nkhope ya alamu anga ikuwala. Nzeru ya ku Halale inali itabwera. Anandinong'oneza, "Bwatoli lapita kale pansi pa nyanja. Taonani ndimugulitse nkhalambayi chinthu chimene kulibe." Ndiye anakweza mawu.

"Che Sulemani! Tengani Fesi Kilasi yense, akhale wanu, mungondifikitsa kumtunda!"

"Mwanena pamaso pa mboni?"

"Eneya ndi mboni!"

"Alamu, ndikuti pano..."

"Chete!"

Che Sulemani anasendeza bwato lawo, a Goliati n'kudziponyamo chamimba ngati thumba la mpunga. Atapuma anayamba kuseka, kunditsinzinira diso. Pamenepo nkhalamba ija inapinda mkanjo wake bwinobwino, n'kutsika m'madzi. Inaima. Madzi anailekeza m'chiuno.

Nanenso ndinatsika. Tinalipendeketsa Fesi Kilasi, kukhuthula madzi, kutseka mng'alu ndi chiguduli, n'kulimangirira kumbuyo kwa linzake. Ntchito yonseyo sinatenge nthawi yoti munthu n'kusenda chinangwa.

A Goliati anayang'ana madzi, anayang'ana ine.

"Eneya, munkadziwa?"

"Chilwa yense amadziwa, alamu. Kunoko chilimwe chino ngakhale mbuzi ikhoza kuwoloka."

"Bwanji simunanene?"

"Munali pa bizinesi."

Anatembenukira kwa Che Sulemani, mawu atasintha, aulemu ngati a katekisiti.

"Bambo, poti madzi ake ndi awa, mgwirizano uja tiuonenso. Munthu sagula moyo umene sunali pangozi."

"Zoona," anatero Che Sulemani. "Ngati simukufuna ulendowu, tsikani. Bwato lanu mudzalipeza padoko."

Inu, kunyada ndi matenda. Anatsikadi! Anavala chipewa chodontha, kukweza chibwano, n'kuyamba kulunjika kumtunda kumene kunkaoneka ngati kamzere. Phazi loyamba linayenda. Lachiwiri linayenda. Lachitatu matope a Chilwa anati takulandirani. Mukudziwa matope aja, akuda, onona, ogwira ngati mkazi wansanje. Anazula mwendo, nsapato inatsala. Anazula winawo, inzake inatsala. Pofuna kuzifufuza anatitimira mpaka pachifuwa, ndipo misundu, imene inali isanalaweko munthu wodya buledi, inaitanizana.

"Che Sulemani! Mgwirizano uja uli pomwepo! Ndavomera!"

"Uja unatha mutatsika, a Makina. Uja unali wonyamula munthu. Uwu ndi wozula chitsa."

"Nenani!"

"Fesi Kilasi uja, ndi Sekondi pamwamba pake."

"Sekondi yense? Ndi umbava umenewo!"

"Ndiye tsalani bwino. Dzuwa likapendeka kumabwera mvuu, muzicheza nazo."

Mvuu kumeneko sindinaionepo chibadwire, koma sindinafunsidwe. Sekondi anapita pomwepo, ine mboni kachiwiri. Tinawagwira m'khwapa, wina uku wina uku, kukoka, kukoka, mpaka anazuka ndi phokoso ngati ng'ombe ikutuluka m'dambo. Anatuluka munthu, jekete ndi chipewa. Buluku linakana, linatsala pansi pomwepo.

Kunena zoona, Che Sulemani sanali munthu woipa. Tili m'njira anati Sekondi adzawabwezera akadzaphunzira kupalasa, ndipo anawapatsa milamba iwiri kuti pakhomo pasagone njala. Koma nsalu yobisira manyazi analibe, ndiye alamu anga anatsika padoko masana dzuwa lili pamutu, jekete kumtunda, chipewa atachigwirizira kutsogolo, milamba m'dzanja linalo. Amayi oyanika matemba anasiya ntchito. Tobias, munthu wosaseka uja, anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi.

Belita tinamupeza akupeta mpunga pakhonde. Anawayang'ana kuyambira kumutu, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka kumapazi.

"Nsomba ndaziona, zikomo. Mabwato ali kuti?"

"Ali m'manja mwa anzathu a bizinesi."

"Nanga buluku?"

Alamu anga anakonza kolala ya jekete, n'kutsokomola pang'ono.

"Ndabwereketsa."

"Kwa yani?"

"Kwa nyanja."

Mlongo wanga analandira milamba ija, n'kulowa nayo m'nyumba. Ali m'katimo tinangomva mawu.

"Ndiye khalani panja pomwepo, bambo, mudikire ibweze."