Nkhoswe ya ndevu za mphaka

Mpaka lero ndikamadutsa pa Zalewa ndimatsitsa chipewa kumaso. Sindinabe kanthu, sindinamenyane ndi munthu, koma zimene ndinachita kumeneko bola ndikanamenyana. Ndati ndifotokoze ndekha mmene zinayendera, chifukwa amene akuifalitsa nkhaniyi kwathu ku Ligowe akuithira mchere wambiri.

Ine ndine mlimi wa mbatata ya kachewere, bambo wa ana awiri, Limbani ndi mlongo wake Takondwa. Limbani ndi wamkuluko, Takondwa wangoyamba kumene sukulu. Amene anandiputira mavuto ndi mnzawo wina, mwana wa anamwino amene anabwera kudzagwira ntchito kwathu kuno kuchokera ku Blantyre. Anawauza kuti m'tauni muli malo amene ana amadumpha m'chinyumba chopopa mpweya, amakwera akatungwe achitsulo, ndipo akatopa amanyambita ayisikilimu. Kuyambira tsiku limenelo pakhomo panga mtendere unatha. Ndinalonjeza kuti tikakumba mbatata tidzapita (lonjezo lotere timalipereka poyembekezera kuti mwana aiwala, koma Takondwa saiwala kanthu kupatula kumene wasiya nsapato).

Mbatata tinakumba, tinagulitsa, ndipo Loweruka lina m'mamawa tinauyamba. Mayi a Limbani anakana kubwera, akuti msewu wa kwathu wokhotakhotawu umawachititsa chizungulire. Chimene anachita n'kundiveka jekete yanga ya kutchalitchi kuti anthu a m'tauni asatiyese akumudzi.

Malowo tinawapeza, ndipo mwana wa anamwino sananame. Limbani anangovula nsapato n'kulowa m'chinyumba chija, osaonekanso. Takondwa anakwera katungwe, anatsetsereka pa chitsulo chotsetserekapo mpaka diresi kuda, kenako anaona katenti kena pakona. Mmenemo munali mtsikana wina akujambula ana kumaso ndi penti. Ena ankatuluka ali mikango, ena ali maluwa. Takondwa anafuna gulugufe, koma atangoona kaburashi kakubwera kutsaya anathawira kumbuyo kwanga, akuti ndi jakisoni.

Mtsikana wojambulayo anali wochenjera. Anati ndiyambe ine, mwana aone kuti sizipweteka. Ndinamuuza kuti ine ndi munthu wamkulu, mkulu wa mpingo kwathu. Koma nditayang'ana pansi ndinaona mlomo wa Takondwa ukunjenjemera, ndipo ndinakumbukira mtunda umene tinayenda. Basi ndinakhala pa kampando ka pulasitiki, mawondo kufika pachifuwa, Takondwa n'kundisankhira kambuku.

Mtsikanayo sanachite zachinyengo pa ntchito yake. Atandipatsa kalilole ndinaona nkhope yonse ili yachikasu, mawanga akuda mpaka pamphumi, mphuno yakuda bii, ndi ndevu zazitali zochoka pamphuno kukafika kumakutu. Apa ndiulule chimene sindinauze mayi a Limbani: zinandikomera. Ndinabangula kamodzi kuti Takondwa aseke, ana ena n'kumva, ndipo posakhalitsa ndinali kuthamangitsa gulu lonse la ana a eniake kuzungulira akatungwe, jekete ya kutchalitchi ikuuluka kumbuyo. Takondwa anajambulitsa gulugufe wake osaphethira n'komwe.

Ndili mkati mopuma wefuwefu, foni inalira. Anali achemwali anga. Mwana wawo Lemani ine ndine nkhoswe yake, ndipo banja lake linali pamoto. Mkazi wake Esnati anali atanyamula mwana n'kubwerera kwa makolo ake ku Zalewa. Tinali titapangana kuti tikakambe nkhaniyo Lamulungu tikaweruka ku mapemphero, koma achemwali anati zasintha. A Bonongwe, nkhoswe ya Esnati, anali kunyamuka mawa lake kupita ku Mwanza kukamanga chiliza, ndipo samadziwa kuti abwerako liti. Ndiye anthu onse anali atakhala kale pansi, akudikira ine.

"Ukapanda kufika lero, banja la mwana wanga lathera m'manja mwako," anatero achemwali, n'kudula foni.

Ndinakoka Limbani m'chinyumba chija, ndinagula ayisikilimu woti adyere m'njira, n'kuthamangira pa mpopi umene unali kuseri kwa zimbudzi. Sopo panalibe, kalilole panalibe. Ndinadzithira madzi kumaso, ndinapukuta ndi kampango, kampangoko n'kusanduka kachikasu. Ndinati ndiye kuti zachoka. Komabe ndinafunsa ana kuti kodi kambuku uja akuonekabe. Takondwa anamunong'oneza kanthu mchimwene wake, Limbani n'kundiyang'ana bwinobwino, kenako anati kambuku sakuonekanso. Ndinamukhulupirira (mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kuti bodza ndi tchimo).

M'minibasi tinakhala mpando wapakati. Chinthu choyamba chimene ndinaona n'chakuti anthu anandipatsa malo. Amene amakwera minibasi akudziwa kuti zimenezi sizichitika. Mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anasuntha mpaka kutsamira zenera, khanda lake litandiyang'ana kamodzi n'kuyamba kulira mpaka ku Lunzu. Kondakitala polandira ndalama anayang'ana kudenga, masaya atatupa. Anyamata awiri kumbuyo ankatsokomola mosinthana. Ine mumtima ndinati jekete imeneyi mayi a Limbani anasankha bwino, ngakhale m'tauni munthu akukupatsa ulemu. Nthawi yonseyo ndinali kukonza mawu okanena, milomo ikuyenda yokha, nkhope nditaikwinya ngati mmene nkhoswe iyenera kuonekera.

Titawoloka mlatho wa Shire tinatsika, n'kulowera kuseri kwa msika kumene kuli nyumba ya makolo a Esnati. Anthu anali pansi pa mtengo wa mango. A Bonongwe, bambo wachikulire wa imvi, anali pampando. Esnati ndi azakhali ake anali pamphasa. Lemani anali pa chitsa chapatali pang'ono, njinga yake yamoto ataiimika pambali. Ndinauza ana kuti apite kuseri kwa nyumba akasewere ndi anzawo, ine n'kuwomba m'manja kupereka moni.

Moniwo anayankha, koma mochedwa. A Bonongwe anandiyang'ana kamodzi kokha, kenako maso awo anapita pa nsapato zawo n'kukhazikika komweko. Lemani anadzuka pa chitsa paja n'kubwera chowerama.

"Amalume, ndimati ndikuuzeni kaye..."

"Khala pansi, iwe. Pakamwa pakopo ndi pamene patifikitsa pano."

Anabwerera pa chitsa.

Kenako amayi ake a Esnati anatuluka m'nyumba ndi beseni la madzi ofunda, sopo ndi kansalu koyera. Anagwada, anaika patsogolo panga, n'kunena motsitsa mawu kuti mwina alendo angafune kusukusula, popeza ulendo wa minibasi uli ndi fumbi. Ndinathokoza kwambiri ulemu wa banja limeneli, ndinasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kubweza beseni. Anakhala chogwada kanthawi ndithu, akundiyang'ana ngati ali ndi mawu ena, koma pomaliza ananyamula beseni lawo n'kubwerera m'nyumba.

Nkhani inayambika. Azakhali ndi amene anafotokoza dandaulo la Esnati. Anati Lemani sikuti amamenya, sikuti amamwa, koma ali ndi chibwana. Akaweruka pa kabaza amapita ku bawo, akachoka ku bawo amapita kukaonera mpira, pakhomo amabwera kudzagona basi. Tsiku lina mwana atatentha thupi, Esnati anayenda wapansi kupita naye kuchipatala, njinga yamoto itaimikidwa pa bawo. Pamenepo mtima wanga unawawa zenizeni, chifukwa mtsikanayo ndimamudziwa, ndi wakhama, ndipo akanachoka m'banja lathu otaya tikanakhala ife.

Itafika nthawi yanga ndinaimirira. Ndinakonza jekete. Ndinayamba ndi kupepesa kwa a Bonongwe m'malo mwa banja lathu, iwo akugwedeza mutu koma akuyankha nsapato zawo. Kenako ndinatembenukira kwa Lemani. Ndinamuuza kuti banja si masewera. Ndinamuuza kuti mwamuna akakula amasiya zachibwana, ndipo anthu amamudziwira pankhope kuti uyu ndi bambo wa pakhomo.

"Tandiyang'ana ine," ndinatero, ndikudziloza. "Kodi unandionapo ndikuchita zopanda mutu pamaso pa anthu?"

Lemani anaweramitsa mutu mpaka pakati pa mawondo. Esnati anadziphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinati mumtima mawu anga alowa, onse awiri akulira. Ndiye ndinawonjezera moto. Ndinayendayenda pansi pa mango paja, manja kumbuyo, ndikubwereza kuti ulemu wa munthu umayambira pa maonekedwe.

Ndili pakati pa mfundo imeneyo, Takondwa anatulukira kuseri kwa nyumba, gulugufe wake ali phaa kumaso, atagwira dzanja kamwana ka Esnati. Anadutsa pakati pa bwalo osaopa munthu, n'kudzaima patsogolo panga.

"Ababa, tabangulani ngati muja munachitira ku Blantyre. Uyu sakukhulupirira kuti mumatha."

Woyamba kuphulika anali Esnati. Anagwera pa mwendo wa azakhali ake, misozi ili mbwembwembwe. Lemani anatsatira, ndipo ndinaona awiriwo akuyang'anizana, kuyesa kusiya, n'kuyambiranso. Azakhali analuma nsonga ya mpango. M'nyumba namo munamveka kuseka kwa munthu amene wakhala akudzigwira nthawi yaitali.

Lemani anandigwira dzanja n'kupita nane pa njinga yake, n'kupotoza kagalasi koonera kumbuyo. Chikasu chija chinalidi chitachoka. Koma mphuno yakuda inalipo, ndevu zonse zinalipo mbali zonse ziwiri, ndipo mawanga aja anali atayenderera mpaka m'khosi. Ndinaima pamenepo ndikukumbukira khanda la m'minibasi, kondakitala, beseni la madzi ofunda, chimodzichimodzi.

Amene sanaseke anali a Bonongwe. Anadikira phokoso lithe, kenako anafunsa ngati ndinabwera kudzanyoza banja lawo. Anati iwo nditangofika anaganiza kuti ndadzera kwa sing'anga kuti mlandu utikomere, n'chifukwa chake ankapewa kundiyang'ana m'maso. Tsopano akumva kuti ndi zoseweretsa ana, ndipo sakudziwa kuti chabwino n'chiti. Anayamba kufunafuna ndodo yawo kuti azipita.

Apo ndiye ndinagwada pa dothi, jekete ndi ndevu zomwe, n'kufotokoza zonse kuyambira pa mbatata mpaka pa mpopi wopanda sopo. Ndinapempha kuti cholakwa changa chisagwere ana awiriwa. Amayi a Esnati anabweranso ndi beseni lija, ulendo uno osanena za fumbi, ndipo ndinasukusula pamaso pa bwalo lonse, azakhali akundilozera pamene patsala.

Ndikupukuta kumaso, Esnati anapempha kuti alankhule. Anali atasiya kuseka. Anati iye sakuona chonyozeka pa zimene zachitika. Amalume achoka ku Ligowe mpaka ku Blantyre chifukwa ana anapempha, alola kupentedwa kuti mwana asaope, pamene bambo a mwana wake sanamunyamulepo n'kamodzi komwe kupita naye ngakhale pa mlatho pompa kukaona madzi. Anati chibwana chimene akudandaula iye si chimenechi ayi. Lemani anangotenga kamwana kaja n'kukakhazika pamwendo, ndipo kanayamba kumukoka makutu.

A Bonongwe anabweza ndodo pansi. Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikulankhula pang'ono kwambiri. Esnati sanabwerere tsiku lomwelo, anati akufuna aone kaye ngati bawo ichepe. Anadzabwerera patapita milungu ingapo, ndipo mpaka pano ali limodzi, ngakhale mpira wokha Lemani sanausiye.

Pobwerera ndinamufunsa Limbani chifukwa chimene anandinamizira. Anakana kuti sananame. Anati ine ndinafunsa za kambuku, ndipo kambuku anachokadi, amene anatsala anali mphaka. Takondwa ndiye anamupempha kuti asanene, chifukwa ankafuna amayi akaone. Amayiwo sanafunikire kuona. Pamene tinkafika ku Ligowe anali atamva kale pa foni kuchokera kwa achemwali, amene anauzidwa ndi Lemani, ndipo anatilandira atakhala pakhonde, akulephera kuyankha moni.

Chimene ndinatolapo n'chakuti munthu akayamba kukuuza kanthu, ngakhale akhale wamng'ono kwa iwe, umulole amalize. Ndimawauza anzanga kumpingo zimenezi kawirikawiri. Kungoti Lamulungu lapitali, tikutuluka pakhomo, mayi a Limbani anati, "Bambo, taimani kaye," ine n'kuwayankha kuti tachedwa, zinazo tikamba pobwera. Ndinawerenga mawu kutsogolo kwa mpingo wonse thovu la sopo wometera lili kukhutu.