Mabokosi ndi Mivi ya Chisomo

Lolemba
Chisomo wapita ku Lilongwe kumaphunziro a ntchito, abwera Loweruka. Wandisiyira laputopu ndi mantha. Mwana wangayu walemba pulogalamu ya ofesi ina ya maejenti pa boda pano, yotsatira mapepala a thiraki kuyambira pofika mpaka potuluka pachipata. Lolemba likudzali akaionetsa kwa mabwana. Ikakanika pamaso pawo ntchito yatha, ndipo ndi yoyamba chimalizireni sukulu.

Mbali yanga ndi kuiyesa. Kumanzere kwa sikirini kuli mizere ya mawu, monga "Thiraki yafika --> Mapepala alandiridwa". Kumanja kompyuta imajambula yokha mabokosi ndi mivi kuchokera pa mawuwo. Njira iliyonse ya mivi ndiitsate ndi thiraki yongopeka, ndichonge ikafika kumapeto.

Mabokosi naini. Njira sikisi. Imodzi patsiku, Loweruka ndatha.

"Amayi, kumanzereko musakhudzeko." Wanena kawiri. Ine, amene ndaphunzitsa masamu moyo wanga wonse!

Njira yoyamba yadutsa.

Lachiwiri
Magetsi azima, intaneti nayo zii, thiraki yanga ili pakati pa bokosi lachitatu ndi lachinayi. Pachithunzi palibe muvi wa kuzima kwa magetsi! Nanga thirakiyo ili kuti?

Atayaka masana ndawonjezera mzere umodzi wokha kumanzere: "Magetsi azima --> Dikirani". Kompyuta yajambula bokosi latsopano nthawi yomweyo, osafunsa n'komwe kuti ndine yani. Koma kukongola kwake!

Njira yachiwiri mawa.

Lachitatu
Bokosi la "Dikirani" lilibe muvi wotulukira. Ndatsekera munthu m'chipinda chopanda khomo.

Kuti ndikonze bwino ndafunsa a Jere oyandikana nafe, amene anayendetsa mathiraki mpaka maso atafooka, zimene zimaimitsa thiraki pa boda. Ndalakwitsa. Akhala pakhonde mpaka tiyi kutha:
- foni yagwira netiweki ya ku Zambia
- wa chidindo wapita kumaliro ku Mlonyeni
- dalaivala wawolokera ku Mwami kukaona "mlongo wake"
- matumba a mtedza sakugwirizana ndi a papepala
- mbuzi yagona pansi pa thiraki

"Mwangoyambapo chabe, aphunzitsi. Za nyengo ya fodya sitinafikeko."

Zonse ndalemba. Mabokosi twente-wanu. Njira ndawerenga katatu, mayankho atatu osiyana. Chibadwire sizinandichitikirepo.

Lachinayi
Chithunzi sichikukwananso pasikirini. Mivi yayanga ngati maungu pachulu. Ndikatsata ndi chala, thiraki yanga ikuchoka kwa wa chidindo, kupita kwa mbuzi, kubwereranso kwa wa chidindo.

Popita kumsika ndaona mzere wa mathiraki enieni wafika mpaka pachigayo. Ndikudziwa bwino lomwe kuti pulogalamuyi sinalumikizidwe ku ofesi iliyonse. Ndikudziwa! Komabe ndadzera njira yakuseri, chitenje kumutu.

Chisomo waimba. "Zikuyenda, amayi?" Ndamuuza za mtengo wa tomato.

Lachisanu
Ndatsimikiza: ndifufute zanga zonse, mwana apeze monga anasiyira. Vuto ndi loti mizere yanga ndi yake sizikusiyana, ndinatsanzira kalembedwe kake mosamala zedi.

Ndafufuta khumi ndi isanu. Wotsatirawo nditangoukhudza, chithunzi chonse balala! Kwatsala mawu ofiira a Chingerezi, akuti cholakwika chili pamzere 12. Mzere 12 ndauyang'ana mpaka misozi. Ulibe mlandu.

Ntchito ya mwana ndaipha ndi chala chimodzi. Ndavundikira laputopu ndi nsalu ya patebulo.

Loweruka
Zimene ndayesa:
- kuzimitsa n'kuyatsanso, kanayi
- kulembanso mizere yake pamtima. Abwera mabokosi atatu, limodzi laima palokha ngati wamasiye, kenako zofiira zija
- pemphero
- a Jere

A Jere: "Ife thiraki ikakana kulira timangoikankha." Ndawathokoza.

Minibasi iliyonse ikaima pamsewu, ndikusuzumira pazenera. Madzulo uthenga: agona komweko, abwera mawa m'mawa. Mantha ena a basela.

Lamulungu
Wandipeza nditavala kale za kutchalitchi. Wavundukula nsalu, wayang'ana zofiirazo, wadina apa ndi apo. Mabokosi ake naini onse mbwee, ali bwinobwino! Akuti poti chithunzicho ndi mawu chabe, kompyuta imasunga mzere uliwonse umene wasinthidwa, ndi tsiku lake lomwe. Wawerenga yanga yonse mokweza. Pa mbuzi waseka mpaka kukhala pansi.

Atapukuta misozi: "Ndiye njira sikisi zija zadutsa zonse?"

Imodzi.

Kuseka kwathera pomwepo. Kutchalitchi sitinapite. Ali patebulo kuyesa yekha zisanu zotsalazo, mabwana ndi mawa. Yachitatu yakana kale, akuikonza. Ikanapezeka Lachitatu, akuti, bwenzi ataikonza ali ku Lilongwe konko.

Ndapempha kuthandizako. "Amayi, mungowiritsako madzi."

Ndawiritsa. Ndakhala pampando wa pakona, manja pamiyendo pomwe sangakhudze kanthu. Wausa moyo kasanu ndi kawiri. Izi zokha ndiye ndikuwerenga osalakwitsa.