Tsiku Limene Chidebe Anagwada ku Mufakose

Zimitsani kafoniko, anyamata inu, ikani pansi macheka ndi misomali, chifukwa zimene mukuonerazo, za munthu wovala kabudula wamkati pamwamba pa buluku n'kumauluka ngati mleme, ine Yotamu Phiri ndinazichita abambo anu akuyamwa, Glen View ino ili thengo lokhalokha lopanda ngakhale sofa imodzi. Ndipo sindinali wouluka uja ayi. Ine ndinali mdani wake, chigawenga chimene amayi ankaopsezera nacho ana okana kusamba. Iwe wa nyundo, ndakuona ukutsina mnzako. Seka, mano ndi ako. Koma amene akuti ndikunama akwere kombi, timinibasi tija, apite ku Mufakose, akafunse aliyense wa imvi kuti Chidebe anali yani, akabwerako adzandipepese atavula chipewa.

Inali nthawi ija azungu a kuno ku Rhodesia anadzilengezera okha ufulu, mayiko onse n'kuwatsekera zitseko, petulo akugulidwa ndi makuponi, nkhondo ikulilima kutchire, ndipo mafilimu a kunja ankafika atang'ambikang'ambika moti munthu ankafa kaye kenaka n'kudzabadwa kumapeto. Ndiye panali mzungu wina wowonda, tinkamutchula Kamagalasi, amene anati ngati akunja akutimana baisikopo tipanga yathu. Anatenga nkhani m'kabuku ka zithunzi, ka mtundu uja ana a sukulu ankabwerekana mpaka chikuto kuthothoka. Ngwazi yake inali Kaputeni Mphezi. Tsono anyamata achizungu amphamvu onse anali ataitanidwa kunkhondo, choncho amene anapezeka kuti akhale Kaputeni anali kalaliki wa ku okushoni ya fodya amene asilikali anamukana chifukwa cha mphumu. Chimene chinkasowa chinali chigawenga. Kamagalasi anazungulira mafakitale onse a ku Southerton kufunafuna nkhope yoipa, anayesa anthu mazana atatu, onse akuoneka ngati madikoni, mpaka anafika pamene ine ndinkagwira ntchito yonyamula matumba a feteleza, asanu ndi limodzi paphewa, lachisanu ndi chiwiri ndalumira kumano. Anandiuza kuti ndiseke monga amasekera munthu woipa. Ndinaseka. Mukumva? Magalasi ake anasweka onse awiri, makina a fakitale anaima okha, sitima imene inkadutsa inabwerera chammbuyo mpaka ku Norton, ndipo asilikali anatumiza ndege ziwiri poganiza kuti anyamata a m'tchire aphulitsa mlatho. Ntchito ndinaipeza pompo.

Ndisanapitirire ndikuuzeni chimene chinkandidya mumtima masiku amenewo, chifukwa kuseka ndinkaseka koma kunyumba kunali zii. Mkazi wanga, mayi a Tendai, ndi Mshona, ndipo amayi ake, apongozi anga, amene kuno timati ambuya, anali atamutenga pamodzi ndi khanda. Mlandu wake unali wa njinga. Mukudziwa mwambo wa kuno, mkamwini akaona ambuya panjira amapatuka, amavula chipewa, amanyonyomala n'kuomba m'manja. Ine tsiku lina ndikuchokera ku bhawa, mowa uli m'maso, ndinaona mayi wina patsogolo wasenza dengu, ndinamuimbira belu kuti andipatukire, osatsika, ndipo podutsa ndinanenanso kuti msewu si wa agogo ake. Anali ambuya. Madzulo omwewo anabwera kudzalongedza mwana wawo, nanena pamaso pa laini yonse ya nyumba kuti Munyasarande, mmene amatitchulira kuno ife obwera kuchokera kwathu, alibe tsika, kutanthauza khalidwe, ndipo kuti mwana wawo adzabwerera tsiku limene nkhuku idzamere mano. Ndinatuma amalume, anabwezedwa pageti. Ndinatuma akulu a mpingo, anapatsidwa tiyi n'kubwezedwa. Miyezi inayi ndinkadziphikira ndekha, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinkalira ndikaona kabeseni ka Tendai kali pakhoma kouma.

Tibwerere ku baisikopo. Zovala za chigawenga m'kabuku kaja zinali zachitsulo chonyezimira, koma chitsulo chabwino chonse chinkapita kunkhondo, ndiye anandiveka chidebe cha malata kumutu, ataboola mabowo awiri a maso, nsalu yakumbuyo inali katani la mu hotela, magolovesi anali zitini za jamu. Dzina la m'kabukulo linali lachizungu lalitali, koma Mufakose yonse inangoti Chidebe. Nsapato zokha zinavuta. Anandiyesa majombo a polisi, anang'ambika, anandiyesa a ku mgodi, anaphulika, anatumiza uthenga ku fakitale ya nsapato, iwo anayankha kuti chikopa cha ng'ombe imodzi sichingakwane phazi limodzi ndipo dziko lili pamavuto. Choncho anangondipaka mapazi utoto wa siliva, ming'alu yonse ili poyera, chala chachikulu chakumanzere chitaloza kwawo ku Dedza monga chimachitira mpaka lero. Onani, ndachivula. Mwachiona?

Zonse zinayenda bwino kufikira pamene Kamagalasi anandifotokozera mathero. Anati Kaputeni akakumenya chibakera ugwe. Ndinamufunsa kuti ndigwe chifukwa chiyani. Anati ndi mmene zalembedwera, woipa amagwa. Ndinayang'ana Kaputeni, miyendo ngati ya udzudzu, akupopera mankhwala ake m'kamwa, ndipo ndinati chabwino, amenye tione. Anamenya, dzanja linatupa. Anamenya ndi linalo, wotchi inaima. Anamukweza padenga la sitolo n'kumumangirira chingwe kuti andigwere kuchokera kumwamba, anandigunda pachifuwa n'kunjanja ngati mpira mpaka kukatera m'munda wa chimanga kuseri kwa chipatala. Anabweretsa bulu kuti andimenye theche kamera ikuyang'ana kumbali, bulu anatsimphina sabata yathunthu. Mukumva? Milungu itatu akujambula kugwa kwanga, ine chiimire.

Apa ndi pamene nkhani inakula. Tinkajambulira pamsewu wa kumsika ku Mufakose, ndipo anthu anayamba kudzaza, oyenda pansi kuchokera ku Kambuzuma, a panjinga kuchokera ku Highfield, ena kujomba ntchito. Masiku amenewo pakamwa panali potseka, ukangotchula za nkhondo mawa lake uli m'galimoto ya polisi, koma palibe lamulo limene linkaletsa munthu kuonerera mzungu akulephera kugwetsa munthu wakuda. Azibambo ankandinong'oneza kuti usagwe, Chidebe, ukagwa tagwa tonse. Amayi ankandiponyera mbatata zootcha. Ku bhawa chikho chinkayambira pa ine. Ndipo ine, mutu utakula kuposa chidebe chomwe, ndinaimirira patebulo n'kulumbira pa manda a bambo anga kuti bondo langa silidzakhudza dothi, ngakhale abweretse kasinja.

Tsiku lomaliza linali Loweruka m'mawa. Kamagalasi anali atatsala ndi mpukutu umodzi wokha wa filimu m'dziko lonse la Rhodesia, wina sakanaupeza chifukwa cha zitseko zotsekedwa zija, ndipo anandigwira mwendo akulira kuti Yotamu, igwa, ndikupatsa njinga yatsopano. Ndinamuuza kuti njinga ndi imene inandipasulira banja. Anamanga chingwe kuzungulira msewu, apolisi anaima m'mbali, anthu anakwera m'mitengo mpaka nthambi kufika pansi, kamera inayamba kulira, ndipo ine ndinati lero aone. Basi inali itaima pasiteji, yodzaza, mbuzi ndi mabedi padenga, ndinainyamula ndi dzanja lamanzere kondakitala akuitanirabe anthu pakhomo, ndi dzanja lamanja ndinagwira Kaputeni pa kabudula wake wofiira n'kumukweza m'mwamba akupalasa miyendo, ndinaseka kuseka kuja mpaka nkhuku za m'laini zinaikira mazira owiritsa kale, khamu lonse likukuwa dzina langa, ndipo ndinali pafupi kumuika Kaputeni padenga la basi pakati pa mbuzi kuti apite nayo ku Mbare. Pamenepo m'mabowo a chidebe ndinaona dengu.

Dengu la masamba, likubwera pamwamba pa mitu ya anthu, osafulumira, osakhota. Pansi pa dengulo panali ambuya. Mayi amene uja anayenda msewu umenewo kupita kumsika zaka makumi awiri, ndipo sakanaulambalala chifukwa cha baisikopo ya munthu. Anakweza chingwe ndi dzanja limodzi, wapolisi anatsegula pakamwa, ambuya anamuyang'ana, wapolisi anatseka. Kumbuyo kwawo kunali mayi a Tendai, Tendai ali kumsana, atakula moti kamutu kankasuzumira paphewa. Ambuya anayenda mpaka pakati pa msewu, anaima patsogolo panga, sanayang'ane basi, sanayang'ane mzungu, sanayang'ane chidebe. Anayang'ana pansi.

"Mapazi awa ndikuwadziwa," anatero.

Anyamata, ndakhala ndikuopa zinthu zochepa pa moyo wanga, koma apo thukuta linatsika m'chidebe ngati mvula ya pamalata. Kumanzere Mufakose yonse ikuti usagwe. Kumanja manda a bambo anga amene ndinalumbirira. Patsogolo mayi amene ndinamuimbira belu, akudikira kuti aone ngati Munyasarande waphunzira kapena ayi, ndipo kumbuyo kwake mwana wanga akuyamwa chala, osandidziwa. Ndinadziwa kuti ndikaima chiimire ndikhala ngwazi ya ku bhawa mpaka kufa, ndipo ndidzafa ndikudziphikira.

Ndinatsitsa basi pang'onopang'ono kuti mbuzi zisadzidzimuke. Ndinamuimika Kaputeni pansi n'kumukonzera kabudula. Ndinapatuka kupita m'mphepete mwa msewu, ndinayesa kuvula chidebe poti ndi chipewa, chinakanirira m'makutu, ndiye ndinangoweramitsa mutu, ndipo kunyonyomala ndinaona kuti sikukwanira mlandu wanga, ndinagwada, mawondo onse awiri m'fumbi, n'kuyamba kuomba m'manja ndi zitini za jamu zija, kho, kho, kho.

"Mamuka sei, ambuya?" ndinatero, kuwafunsa m'chinenero chawo mmene adzukira, mawu akumveka ngati ochokera m'chitsime.

Kaputeni, poona kuti mutu wanga wafika pamene iye angathe kufikira, anathamanga n'kugogoda chidebe ndi kachibakera kake kotupa, ngati mlendo woodira pakhomo. Kamagalasi analumpha n'kukuwa kuti watha, watha, tajambula! Kenaka wina mumtengo anatukwana, ndipo mbatata zimene anandiponyera tsiku limenelo zinali zosaotcha.

Ambuya anandisiya ndikuomba m'manja mpaka chitini chimodzi chinaphwanyika. Atakhutira anatembenukira mwana wawo.

"Rudo, tenga mwana upite kunyumba kwako. Ukamuchape mapaziwo, akutichititsa manyazi."

Filimu itatuluka anaionetsa mu holo ya ku Mufakose, ndipo Kamagalasi, galu ameneyo, anali atawadula ambuya ndi lumo, dengu ndi zonse, moti chimene anthu anaona ndi Chidebe atagwada akuombera m'manja mzungu wa mphumu. Chaka chathunthu ku bhawa chikho chinkandidumpha. Ana ankandiona n'kumagogoda zitini. Zinandiwawa, sindikana, ndipo manda a bambo anga ndinakawapepesa ndi tambala. Koma ndinkati ndikafika kunyumba ndimapeza kabeseni kali konyowa, Tendai akukwawira mapazi angawa, amene siliva wake anatenga miyezi iwiri kuti achoke.

Iwe wa nyundo, ukuti filimuyo ili kuti? Inapsa, kapena anathawa nayo Kamagalasi ufulu utabwera, kaya. Chidebe chili kunyumba, mayi a Tendai anadzalamo anyezi, mabowo a maso aja amatulutsa madzi bwino. Ukuti basi? Chabwino, mwina sinali yodzaza kwenikweni. Mwina inali ngolo ya wogulitsa malasha, zaka zapita zambiri ndipo m'chidebe munthu suona bwino. Za ndege ziwiri zija, mwina inali imodzi, mwina anali makhwangwala. Koma zogwadazo sindinawonjezepo kanthu ngakhale kamodzi, ndipo amene akuti mzungu ndiye anandigwetsa abwere anene pamaso panga. Ndinagwetsedwa ndi mayi wa dengu la masamba, ndipo mwa inu nonse okhoma masofa ndionetseni mmodzi amene akanaima. Tsono ndithandizeni kudzuka pampandopa, mawondowa sanabwererenso mwakale, ndipo mayi a Tendai anandituma tomato kalekale, akudikira.