Alendo pa Chithunzi cha a Horen

Pulani inabadwira m'kachipinda komwera bangla, kachasu wa kuno, kuseri kwa msika, botolo lachitatu lili pakati. Ine ndinali pa benchi yoyandikana ndi anyamata atatu. Ndimagulitsa tiyi m'kanjira ka okonza makamera muno mu Kolkata, ndipo wogulitsa tiyi anthu amamuona ngati ketulo yake, amangolankhula zonse iye ali pomwepo.

Mkulu wa gululo anali Potla, amene ankadzitcha Injiniya chifukwa tsiku lina anakonza fani ya azakhali ake. Faniyo inapsa, dzina linatsala. Pambali pake panali Ghoton Chimimba, ndi Nepo woonda uja tinkamuti Kamphepo.

"Mafana, imvani dilu," anatero Injiniya akugogoda tebulo. "Kwa kaku Prodyot, mdala wokonza makamera uja, kwabwera kamera ya ku Jeremani, yachikalekale. Pali mdala wina amagula zoterezi n'kumagulitsa kwa azungu. Imodzi yokhayo, tonse tili pa njinga zamoto."

"Chinthu chakutha chija, dada?" anafunsa Kamphepo. Kuno dada ndi achimwene.

"Iwe, azungu amafuna chakutha. Chatsopano ali nacho kwawo."

"Tithyola liti?"

"Kuthyola kwa chiyani? Tilowa masana, aise. Kaku akadya mpunga wa nsomba, ngakhale tramu, sitima ya mumsewu ija, ilowe m'sitolo sadzuka."

Apa pokha sananame. Koma mapulani otere ndinali nditamva ambiri, ndipo onse ankathera m'botolo momwemo.

Chimene anyamatawa sankadziwa n'chakuti kamerayo inali ya mayi Mollika, amasiye, amene anaibweretsa kuti ikonzedwe. Amuna awo, a Horen, anali mphunzitsi wa pulaimale. Ankajambula chilichonse, akhwangwala, maboti, akazi awo akusenda mbatata, koma iwo kujambulidwa ankakana. Tsiku limodzi lokha anavomera, atakhala pakhonde ndi nyuzi, mayiwo n'kudina batani. Mwezi usanathe anamwalira. Filimu inakakamira m'katimo: kachala kopukusira kankayenda, filimu osasuntha, ndipo chitseko chakumbuyo chinakana kutseguka.

"Nkhope yawo ya ukalamba ilibe kwina, ili mmenemo basi," anandiuza mayiwo akumwa tiyi wanga. Kaku anali atawachenjeza kuti wina akangotsegula chitsekocho poyera, kuwala kudzafafaniza zonse.

Mawa lake masana, kanjira konse kakuliza mkonono, atatu aja analowa. Kaku anali gone pampando, kukamwa yasa. Chimimba anayamba ndi maswiti a mkaka amene anali pambale.

"Katundu amayesedwa kaye, tisanyamule mbola," ananong'ona Injiniya.

Anapukusa kachala kaja, n'kupeza kachitsulo kamene kamapatsa wojambula mpata wothamangira kutsogolo. Anaika kamera patebulo, kachitsulo kanayamba kulira kuti zzzz, ndipo onse atatu anakaima mozungulira kaku, mano panja. Chimimba anamuikira nyanga za zala pamutu. Khetche!

Anathamangira kukaitembenuza kuti aone mmene atulukira. Anapeza chikopa chakuda.

"Sikirini ili kuti, dada?"

"Batire latha. Sakani chaja."

Chaja sinapezeke. Ananyamula kamera n'kutuluka.

Masiku otsatirawo mayi Mollika ankabwera m'mawa uliwonse n'kukhala pa benchi yanga, tiyi n'kuzizira m'manja. Kaku anasiya kugona masana, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire. Ine ndinakauza wapolisi wa pamphambano zimene ndinamva, iye n'kuti mawu a ku bangla si umboni. Ndinapsa mtima, ndipo ndikakumbuka ndimapsabe.

Nthawi yonseyi anyamata anali padenga kwa Kamphepo akulimbana ndi chitseko chija. Anayesa mpeni, anayesa supuni, Chimimba anayesa mano. Dzimbiri la zaka makumi asanu linawakanira. Mdala wogula uja atayang'ana anawabwezera.

"Yakufa sindigula. Kakonzetseni."

Anazungulira mzinda wonse, mpaka kuwoloka mtsinje, ndipo wokonza aliyense ankanena chimodzimodzi: "Mtundu uwu ndi kaku Prodyot yekha."

Apa ndi pamene Injiniya anaonetsa udolo wake wonse.

"Kaku anali m'tulo, eti? Sanatione. Makamera akuda ndi ambirimbiri. Tingoisintha maonekedwe."

Anaimanga lamba wofiira wa chikwama cha mlongo wake, n'kupita nayo.

"Ndi ya agogo anga, kaku," anatero moyerekedwa. "Muione bwino, ndi yodula."

Kaku sanayang'ane nkhope ya munthu. Anatembenuza kamera. Chitseko chinali ndi zipsera za mpeni ndi mano, koma chinali chotseka.

"Khalani pansi, ana anga. Ya agogo ndimakonza ulere." Kenaka anandikuwira: "Tiyi atatu, wa shuga wambiri! Wachinayi upereke pamphambano."

Anaika kamera m'thumba lakuda, n'kulowetsamo manja, n'kumagwira ntchito maso ali kudenga. Patapita kanthawi anatulutsa filimu ili m'kachitini kotseka, n'kulowa nayo m'chipinda chotsukira zithunzi. Anyamata anatsala akumwa tiyi ndi kukangana za mtundu wa njinga zamoto. Ine ndinapereka tiyi wachinayi uja kwa wapolisi wa pamphambano, n'kudutsira kwa mayi Mollika kukawaitana.

Wapolisi atalowa, Injiniya sanatekeseke.

"Bwana, tinaigula pamsika kwa munthu wosamudziwa."

"Paja unati ndi ya agogo ako?" ndinamufunsa.

"Agogowo ndi amene anagula. M'sitolo muno ife kuponda ndi lero."

Kaku anatuluka atanyamula pepala likudontha madzi. Popeza filimu ija sinkasuntha, zithunzi ziwiri zinagwera pamalo amodzi. Pakati panali a Horen ndi nyuzi yawo, akumwetulira mwamanyazi. Paphewa lawo panatuluka mano a Injiniya. Kamphepo anali m'kati mwa nyuzi. M'munsi munali kaku ali m'tulo, nyanga za Chimimba pamutu, ndipo kumbuyo kunkaoneka shelefu yomweyi tinaitsamira.

"Koma ndatuluka bho," anatero Chimimba.

Wapolisi anamuwomba mbama ya kunkhongo, n'kuwamanga onse atatu ndi lamba wofiira uja.

Kaku anatembenukira kwa mayi Mollika, maso pansi.

"Pepani, boudi, alamu anga. Zinamatirirana, sindingathe kuwachotsapo."

Mayiwo anatenga pepalalo ndi manja awiri. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukuta dontho la madzi pachipumi cha amuna awo ndi nsonga ya sari.

"Ndi iwowo," anatero. "Asiyeni anyamatawo akhale. Bambo awa moyo wawo wonse anathera pakati pa ana osamva za m'kalasi. Apa ali kuntchito."

Chithunzicho lero chili pakhoma kwawo, m'felemu. M'mawa uliwonse amachikoleka nkhata ya maluwa ndi kufukiza lubani, monga timachitira ndi omwalira, ndipo utsiwo susankha nkhope. Amayi a Potla anapitako kukagwada, kupempha kuti mwana wawo wamoyo achotsedwe pansi pa nkhatayo.

"Analowapo yekha," anayankha mayi Mollika, n'kuyatsa lubani wina.