Reshoni ya Mwezi ndi Sopo Wolumidwa

Pakhomo panga pali nyama imodzi imene siitchulidwa dzina. Ana anga akafuna kuitchula ine ndili pafupi amati "anzawo a badadi," kenako n'kuyang'ana pansi. Panopa onse ndi akuluakulu, wina ali ndi ana akeake, koma sanaleke. Ndiye ndati nkhaniyi ndiinene ndekha mmene inachitikira, chifukwa aliyense woinena amathirapo mchere wake.

Zinali m'zaka zija mitengo itamasulidwa, pamene thumba la ufa ukaligula lero, sabata yamawa umalipeza lakwera. Mafakitale muno mu Livingstone anali kutsekedwa, ndipo amene tinali tikadali pa ntchito tinkangothokoza Mulungu. Ine ndinali kalaliki pa kampani ina yonyamula katundu. Tinkakhala ku Maramba ndi mkazi wanga, amake Mutinta, ndi ana atatu. Malipiro akabwera ndinkapatula za lendi ndi za sukulu, zotsalazo n'kuwapatsa mayiwo kuti ndi za reshoni. Kuchokera pamenepo za kukhitchini sindinkazidziwa. Ntchito yanga inali kusamba m'manja.

Vuto linali lakuti mwezi ukapendekeka, ndiwo zinkasintha nkhope. Nyama inkayamba kusowa, kapenta n'kutsatira, pomaliza saladi (mafuta ophikira timawatchula choncho kuno). Tsiku lina ndinafika kunyumba nditatupa kale, bwana atandikalipira pa zolakwa za munthu wina, ndipo ndinapeza repu wowiritsa ndi mchere basi. Dzulo lake analinso yemweyo.

"Kodi ndalama za reshoni mumazitani?" ndinafunsa.

"Timadya," anatero amake Mutinta.

"Timadya chani? Udzu uyu? Ine ni mbuzi?"

Ndinapitiriza. Ndinawauza kuti vuto lawo ndi kugula tinthu tating'onoting'ono tsiku ndi tsiku: saladi wa m'kapulasitiki konga chala, shuga wa m'kapepala, sopo wochita kudula ndi mpeni. Ndinati munthu wanzeru amagula zambiri kamodzi, ndipo ndinawakumbutsa kuti masamu ndinakhoza bwino ku Fomu Faifi. (Iwo analekeza panjira, ndipo ndinkadziwa kuti mawu amenewo awabaya. N'chifukwa chake ndinawanena.)

"Ni bwino," anatero akuchotsa mbale. "Mwezi wa mailo, ukubwela uyu, mugule ndimwe, batate bake Mutinta. Ine nizaphika chabe vamene mwabweletsa."

Munthu wodziwa mkazi wake akanachita mantha ndi kufatsa kumeneko. Ine ndinamenya tebulo n'kulumbira pamaso pa ana kuti mwezi wanga nyama idzafika mpaka tsiku lolandira, ndipo zikakanika ndisadzatsegulenso pakamwa pa za kukhitchini moyo wanga wonse.

Nzeru ndinali nayo kale. Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala Ba Namakau, mayi wachilozi amene anali ndi tebulo mu msika wa Maramba. Katundu wawo ankakaoda kutsidya kwa mlatho, ku Zimbabwe, kumene masiku amenewo zinthu zinali zotchipa, n'kudzatigulitsa ife pang'onopang'ono. Ndinaona kuti phindu limene mayiwo ankadya linali thukuta langa. Nanga mlathowo ndi wa bambo awo? Ndikaoloka ndekha.

Atamva, Ba Namakau anandiitana pa mpanda.

"Ba neba, namvela muyenda ku Falls. Tiyendele pamodzi na bazimai pa Chibelu. Nizakubwelekani chola chikulu na chitenge chomangila." (Chibelu ndi Loweruka kuno.)

"Chitenge nichite nacho chani ine?"

"Mapulasitiki ya mu shopu simunyamula poyela paja. Anyani bayaziba."

Ndinaseka. Ndinawauza kuti anyani amavutitsa akazi ndi azungu, mwamuna amamuopa. Zimenezi ndinazimva kwa madalaivala a ku ntchito, ndipo ndinazinena ngati ndinachita kafukufuku ndekha.

"Chabwino, ba neba," anatero. Kufatsa kwake kunali kofanana ndi kwa amake Mutinta.

Nditalandira ndinagula thumba la ufa ndi makala konkuno, ndalama zonse zotsala n'kuziika m'thumba la m'kati la jekete. Inde, ndinavala jekete ndi tayi. Ndinkapita kudziko lina, sindinkafuna kuti andione ngati wogulitsa tomato. Loweruka m'mawa ndinatenga chiphaso cha tsiku limodzi, ndinasintha ndalama, ndinaoloka.

Kunena zoona, mu shopu muja ndinasangalala. Mitengo inali monga ndinaganizira. Ndinatenga shuga, mpunga, chigubu chachikulu cha saladi, majarini, masoseji, mazira, buledi, mchere, ndi sopo wamtali uja wochapira. Ndinagulanso mabisiketi kuti ana aone kusiyana kwa boma latsopano ndi lakale. Mtsikana wa pa kauntala anandilongedzera zonse m'mapulasitiki oyera, onyezimira, olira ukawakhudza. Ndalama zinatsala zongokwanira msonkho wa pa chipata ndi galimoto yobwerera ku tauni.

Amene sanaendepo paja adziwe kuti pakati pa chipata cha Zimbabwe ndi cha kwathu pali kamtunda ndithu, mlatho uli pakati. Pali matakisi, koma ine ndinali pa ntchito yopulumutsa ndalama, ndiye ndinayenda pansi. Inali nyengo imene madzi amakhala ochuluka, mathithi akufuka, ndipo pa mlatho panali kuwaza ngati mvula yamawawa. Pepala la shuga linayamba kufewa. Zogwirira za mapulasitiki zinasanduka tizingwe n'kuyamba kundicheka zala. Chigubu cha saladi chinkandimenya bondo pa phazi lililonse. Pamene ndinkamaliza mlatho n'kuyamba kukwera kulowera ku chipata chathu, zala zinali zitafa, tayi itanyowa, mtima utayamba kale kutentha.

Pamenepo pamaima malole ambiri odikira mapepala. Ndinafika pa mthunzi wa lole ina, ndinatula katundu yense pansi kuti ndiwongole zala.

Ndipo ndinamuona. Chinyani chachimuna, chachikulu ngati mwana wa Giredi Seveni, chitakhala pakati pa msewu chikudzikanda pamimba. Sichinkandiyang'ana ine. Chinkayang'ana mapulasitiki. Ndinatsokomola kuti chidziwe kuti pali mwamuna. Ndinakonza tayi. Chinanyamuka mosafulumira, chinadutsa pafupi ndi nsapato zanga ngati tinapangana, chinatenga pulasitiki ya buledi n'kulowera nayo kuthengo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Buledi anali chinthu chotchipa kuposa zonse zimene ndinagula. Munthu wa mtima wabwino akanati wapereka chakhumi, n'kunyamula zotsalazo n'kumapita. Pamwamba pa lole dalaivala wina anandichenjezanso.

"Mudala, musiyeni uyo. Gwilani vinangu."

Koma ine kuberedwa masana, anthu akuona, ndi chinthu chopanda ngakhale kabudula? Magazi anakwera kumutu. Ndinatola mwala n'kuchithamangira, ndikuchitukwana m'Chingerezi (sindidziwa chifukwa chake, mwina jekete). Chinyanicho sichinathawe kwenikweni. Chinkapita patsogolo pang'ono, n'kukhala, n'kuluma buledi, ine ndikayandikira n'kusunthanso. Mwala wanga unagunda mtengo. Wachiwiri sindinaone kumene unapita. Chinanditenga choncho mpaka msewu unabisika, kenako chinakwera pamwala n'kundionetsa kumbuyo kwake kofiira.

Pobwerera ndinamva phokoso la mapulasitiki ndisanafike. Anali fuko lonse: amayi obereka ana, achinyamata, nkhalamba. Wina anali atang'amba shuga akukomba ndi manja onse awiri. Wina anakhala pa tayala la lole akuswa mazira limodzi limodzi, mwaulemu, ngati ali mu hotela. Masoseji ndinangoona akulowa m'tchire ali pakhosi pa mwini wake watsopano. Ana awo ankatola mpunga mu msewu. Majarini anali atabooledwa ndi mano, kamwana kena kali naye kumaso konse.

Chotsala chosakhudzidwa chinali chigubu cha saladi, chinthu chodula kuposa zonse. Ndikanangochinyamula. M'malo mwake ndinachigwira pa chogwirira n'kuyamba kuchizunguza ngati chibonga kuti ndiphwanye mutu wa uja wa mazira. Iye anangowerama. Chigubu chinamenya chitsulo cha lole, chinang'ambika, ndipo saladi wa mwezi wonse anathera pa jekete, pa thalauza, ndi pa msewu wa boma.

Madalaivala sanaseke mokweza, ndiwayamikire. Mzungu wina wa kabudula anajambula chithunzi, ndipo ndikhulupirira kuti mpaka lero ndili pa khoma kwinakwake kutsidya kwa nyanja.

Anyani atakhuta anachoka okha. Ndinatola zimene anandisiyira: paketi ya mchere, ndi sopo wamtali uja. Wina anali atamuluma kumapeto, n'kuona kuti sakoma, n'kumutaya. Mano ake anatsala pamenepo, mabowo awiri akuya ndi timizere pakati.

Ndili chiimire choncho, anatulukira azimayi a ku Maramba ali pa mzere, mitolo yomangidwa m'zitenge ili pamutu, wina ali ndi legeni m'manja. Kutsogolo kunali Ba Namakau. Anandiyang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato, anayang'ana mpunga mu msewu.

"Ba neba, mwagula?"

"Nagula."

"Vinali vochipa, ai?"

Ndinanyamula mchere ndi sopo wanga n'kuwadutsa. Pa chipata wa kasitomu anandifunsa chimene ndabweretsa. Ndinaika mchere ndi sopo pa tebulo. Anatembenuza sopoyo, anaona manowo, anandinunkhiza, n'kunena kuti, "Pitani, mudala." Wa takisi anayala nyuzipepala pa mpando ndisanakhale, ndipo ulendo wonse wobwerera ku tauni ndinakhala pakati pa mitolo ya Ba Namakau, azimayiwo akucheza za maliro a kwinakwake mondilemekeza kwambiri.

M'njira ndinakonza bodza lakuti katundu anandilanda pa chipata. Silinagwire ntchito. Ku Maramba nkhani imayenda pansi koma imafika galimoto isanafike. Ndinapeza amake Mutinta atatenthetsa kale madzi osamba. Analandira mchere, analandira sopo, anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu ni wa mwezi onse?"

"Musaniyambe."

"Sinikuyambani. Nifunsa chabe kuti niziŵe mopimila."

Ndinkayembekeza kuti atulutsa kandalama kobisa, poti akazi sasowa pobisa. Sanatulutse. Anati mwezi uno ndi wanga monga ndinalumbirira, iwo aphika chimene ndabweretsa. M'nyumba munali ufa, makala, mchere, ana atatu, ndi mwezi wathunthu kutsogolo. Lolemba ndinanyamula wailesi yanga ya kaseti, imene ndinkaikonda kuposa abale ena, n'kukaigulitsa kwa mnzanga wa ku ntchito pa mtengo wachipongwe.

Ndalama za wailesi sizikanagula chigubu china. Choncho madzulo aliwonse ndikaweruka ndinkalowa mu msika wa Maramba, tayi ili m'thumba, kukagula za tsiku limenelo. Ndinaphunzira kuti tomato amatsika mtengo dzuwa likamalowa, ndi kuti ukangokhala chete osachoka, wogulitsa kapenta amaponyapo mbasela, kowonjezera kaulere. Ndinaphunziranso kuti ukabweretsa shuga wambiri amatha tsiku lomwelo, ukabweretsa wa m'kapepala amakwanira ndithu. Saladi ndinkagula pa tebulo la Ba Namakau, m'kapulasitiki konga chala kaja. Mayiwo sanatchulepo za mlatho ngakhale kamodzi. Ankangomanga kapulasitikiko n'kunena kuti, "Mubise mu thumba, ba neba," ndipo azimayi a matebulo oyandikana ankayamba kutsokomola.

Ndinalimbana nazo, koma mwezi utapendekeka ndalama za wailesi zinatha. Tsiku lina ndinabwera ndi mpukutu wa repu wokha. Amake Mutinta anauwiritsa ndi mchere wa ku Zimbabwe uja, tinakhala pa tebulo. Tinayamba kudya. Kenako Mutinta, amene nthawi imeneyo anali wamng'ono woti sungamumenye pa funso, anakweza tsamba limodzi m'mwamba.

"Badadi, ndalama za reshoni mumazitani?"

Amake anadzuka msanga kuti akukatunga madzi, madzi ali pa tebulo. Ndinawamva akuseka kuseri kwa chitseko.

Malipiro otsatira ndinawapereka onse osapatulako ngakhale ya fodya, ndipo lumbiro langa ndalisunga: za kukhitchini sindilankhula. Sopo uja anatha mochedwa kwambiri, chifukwa amake Mutinta ankadula kuyambira mbali yabwino, mbali ya mano n'kuisiya pa windo la bafa pamene ndinkaiona m'mawa uliwonse ndikumeta ndevu.

Koma pakati pa ine ndi inu, masamu anga anali olondola. Zinthu zinali zotchipadi kutsidya kuja. Ndinayesa kuwafotokozera zimenezi amake Mutinta chaka chatha, modekha, ndi zala. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa ngati ku Fomu Faifi anatiphunzitsa kuchotsera anyani.