Tsiku Limene aNaphiri Analira

Kwathu kuno kumunsi kwa Chongoni, munthu akatuwa miyendo ngati wagona paphulusa, akuluakulu amamufunsabe kuti, "Kodi mafuta mwapatsa injini ngati a Gervazio?" A Gervazio amenewa akazi awo, a Magadalena, ankayenga mafuta a nsatsi kuposa mayi aliyense m'dera lino. Koma a Gervazio eni akewo ankayenda ali mbuu, zidendene zili ng'aa, chifukwa dontho lililonse ankakadzoza chitsulo.

Chitsulocho chinali injini ya nthunzi. Mzungu wina anabwera nayo cha m'ma 1903, ikukokedwa ndi ng'ombe ndi anthu omwe, ati azichekera matabwa. Asanacheke ndi thabwa limodzi lomwe malungo anamugwetsa, anamunyamula pamachila, osabweranso. Injini inatsala m'mphepete mwa dambo, chitedze n'kuiyanga, dzimbiri n'kumaidya. Anthu ankangoilambalala.

Patapita zaka a Gervazio anabwera m'mudzimo kudzakhala chikamwini. Paunyamata wawo anagwirako ntchito yosonkhezera nkhuni m'sitima ya pamtsinje wa Shire, ndipo theka la mutu wawo linatsala komweko. Tsiku limene anaiona injiniyo, akuchokera kodula mitengo ya nkhokwe, anatula mtolo n'kuomba m'manja.

"Odi, mayi! Wakutayani chonchi ndani?"

Anaitcha aNaphiri, poti inakhala patsinde pa phiri, komanso ati munthu wamkulu chotero sangakhale wopanda mfunda. Anayamba kuikwecha ndi mchenga ndi zitsononkho. Anatulutsa zisa za mbewa m'mapaipi, namata mobooka ndi phula ndi nsanza. Mvula itayandikira anaimangira chisakasa chofolera bwino, nyumba yawo ili pululu kumwamba.

"Bambo, denga lathu likudontha," anatero a Magadalena.

"Inu mukanyowa mumauma. ANaphiri akanyowa amachita dzimbiri."

A Magadalena anayesa kuibisa nsupa ya mafuta m'nkhokwe, pansi pa mphale, ngakhale m'khola la nkhuku. A Gervazio ankangonunkhiza kawiri basi, aipeza. Mayiwa anafika pongoitcha injiniyo "mkazi mnzanga." Koma tinene zoona, chidwi anali nacho, ndipo ndi chimene chinkawalepheretsa kukwiya mpaka pamapeto.

"Nanga akadzuka adzachita chiyani?" anafunsa tsiku lina akusenda mbatata.

"Adzalira mluzu. Adzamva mpaka kuseri kwa phiri."

"Basi?"

"Gudumu lidzazungulira."

"Kupita kuti?"

"Sapita kulikonse. Amangozungulira pomwepo."

"Ooh, ndiye mwapezana."

A Gervazio sankamva chipongwe. Ankangopitiriza kufotokoza: madzi afike apa, moto uyambe waung'ono, udikire m'mimbamo muyambe kung'ung'udza ngati mowa ukuwira, kenako ukoke kachitsulo aka. A Magadalena ankayasamula dala, koma zonse zinkalowa.

Vuto linali a Dziwani, mlongo wawo wa a Magadalena, mwini mbumba, amenenso anali wosula makasu. Iwo akayang'ana aNaphiri sankaona mayi ayi.

"Alamu, m'chinthu chanuchi muli makasu a mbumba yanga yonse, ndi nkhwangwa zotsala."

"Alamu, mungasule munthu wodwala?"

"Wodwala amabuula. Uyu ndi maliro. Ndipo mkamwini asamakule mwendo. Anthu akayamba kusosa iye asanalire, ndibwera ndi nyundo."

Mawu a mwini mbumba mkamwini sawatsutsa. A Gervazio anagwa mphwayi tsiku limodzi, m'mawa mwake n'kudzuka ndi nzeru imene mudzi uno sudzaiwala. Anati chinthu chokhala ndi moto, chitsulo ndi mimba n'chimodzimodzi ng'anjo yosungunulira chitsulo. Tsono mwambo wa pang'anjo aliyense ankaudziwa: woyandikira ayenera kukhala wozizira, ndiye kuti asiyane mphasa ndi mkazi wake kufikira ntchito itatha. Anali munthu wobatizidwa, korona ili m'khosi, koma ati, "Ansembe sanaletse kusamala." Analamula kuti aliyense wotunga madzi kapena wonyamula nkhuni za aNaphiri agone payekha.

Anthu anavomera, poti aliyense ankafuna kuona. Tsiku loyesa linafika. Madzi anathira, moto anakoleza, a Gervazio anachita chizindikiro cha mtanda. M'mimba munayamba kung'ung'udza, anthu n'kubwerera m'mbuyo. Kenako chapansi panangoti fyoo, madzi n'kutsikira pamoto, utsi tolo.

A Gervazio anatembenuka pang'onopang'ono, kuyang'ana amuna mmodzimmodzi.

"Wina pano ndi wotentha."

Maso onse pansi. A Petulo, amene anali atangokwatira kumene, anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi zawo sanamangirire.

Ulendo wachiwiri zinachitikanso chomwecho, ndipo okamangirira mbuzi anachuluka, ena oti mbuzi alibe n'komwe. Amayi a m'mudzi anapita kwa a Magadalena pamtondo.

"Kodi amuna anu akufuna mudzi uno uthe ana?"

"Inu mukudandaula za masiku," anayankha a Magadalena. "Ine mphasa yanga yaiwala kulemera kwa anthu awiri chiyambire masika."

Chisanu cha chaka chimenecho chinali choluma, chija chimaumitsa mame paudzu. A Gervazio ankakhalira kukwawa pansi pa injini, m'matope a m'dambo, kufunafuna podontha. Atapapeza anasowa chigamba cholimba. A Magadalena anawayang'ana akunjenjemera pakhomo, milomo ili gwa, ndipo anavula chibangili chawo cha mkuwa n'kuwaponyera.

"Kampatseni mkazi mnzangayo. Mwina akavala adzalankhula."

A Gervazio anachisula, anachikhomerera podonthapo, n'kubwera kunyumba akutsokomola. Chinali chibayo. Pamphasa ankangoti, "Pano ndapapeza, mawa tiyesanso." Mawa lakelo sanadzuke nalo. Mawu awo omaliza, a Magadalena atawerama kuti amve bwino, anali akuti, "Kugudumu musamaiwaleko mafuta."

Mayiwa zinawapweteka kwambiri. Zaka zonsezo, ndi chibangili chomwe, munthu n'kutsanzikira gudumu! Kumanda amayi ena analira mpaka mawu kusasa, koma iwo maso anali gwa, mkwiyo utatsekereza misozi.

Apa n'kuti anthu atayamba kunola makasu. A Dziwani ananena mwaulemu kuti akangometa maliro, nyundo ipita kudambo. M'mawa wa tsiku loti mawa n'kumeta, a Magadalena anatenga nsupa yawo n'kutuluka. Amayi anawatsatira ali ndi mantha, amuna nawonso pambuyo.

"Mlongo, wamasiye sayendayenda," anatero a Dziwani.

"Achimwene, mwamuna wanga ankafuna chiyani? Mudzi wozizira. Pamaliro ndani amagona ndi mkazi asanamete? Anapempha ali moyo, munkakamangirira mbuzi. Lero wauziziritsa yekha mudzi wonse. Tikadikira mawa, a Petulo awa sindikuwakhulupirira."

Anthu anayesa kudzigwira, poti anali maliro, koma kuseka kunaphulika. A Petulo ndiwo anayamba kuthamangira mtsuko.

A Magadalena anachita zonse monga ankamvera akuyasamula muja. Madzi afike apa. Moto waung'ono kaye. Anadzoza kugudumu, akudzuma. M'mimba munayamba kung'ung'udza, anthu n'kuyang'ana pansi paja pankangoti fyoo. Chibangili chinagwira. Anakoka kachitsulo kaja, ndipo gudumu linanjenjemera, linabuula, n'kuyamba kuzungulira. Atagwira chingwe cha mluzu, aNaphiri analira. Nkhuku zinabalalika, agalu anathawira m'nkhokwe, ndipo phiri linabweza kulirako kawiri.

Pomwepo a Magadalena anakhala pansi m'matope n'kulira mwamuna wawo, kulira kwenikweni, mpaka moto unazilala.

Kaya chinali chibangili, kaya unali mwambo, anthu amatsutsanabe. A Dziwani anangokanda m'mutu n'kunena kuti, "Chitsulo cholira maliro sindingachisule. Chimanga cholimidwa ndi khasu lake angadye ndani?" Nyundo sinapite kudambo.

Chichokereni a Gervazio kudamboko kunachita zii. Kunalibenso wokhoma zitsulo m'mawa, kapena woimitsa anthu panjira kuti amve za mapaipi mtolo uli pamutu. Ngakhale amuna aja ankathawa maso awo anavomera kuti mudzi unasukuluka. ANaphiri sanawakolezerenso moto, koma chisakasa chawo chinkafoleredwa chaka ndi chaka, ndipo dzimbiri silinabwerere.

Patapita nthawi amayi pamtondo anayamba kuona kuti a Magadalena, katswiri wa mafuta a nsatsi uja, miyendo yawo ili mbuu.

"Mayi, mafuta mukupita nawo kuti?"

"Anandisiyira mkazi mnzanga," ankatero akunyamula nsupa. "Tatsala awiri amasiye. Ndimutaye?"